Kalata Yondikana

"Ndati sindilemba!" Bambo anamenya tebulo mpaka kachitini ka utoto wofiira kanadumpha n'kudonthezera pansi. "Dzanja ili lalemba zinthu zambiri, koma zimenezo ayi."

"Basi musalembe," anayankha Amayi, akupinda zovala mwaukali ngati zawalakwira. "Mwanayu akhale pompano, azikutsukirani maburashi mpaka amere imvi. Akamva njala azinyambita dzina lanulo."

Ine ndinali nditaima pakhomo lolowera kuchipinda, kalata ya ku koleji ya zaunamwino ili m'manja. Ndinali nditaiwerenga kambirimbiri moti inayamba kung'ambika mopindamo. Anandisankha. Pa atsikana onse a kalasi yathu anasankha ine ndekha. Ndinali nditadziona kale m'maganizo nditavala zoyera, kawotchi kakulendewera pachifuwa, odwala akutembenuka ndikamadutsa. Koma m'munsi mwa kalatayo munali mzere wa zilembo zikuluzikulu: ndikafike pa tsiku loyamba la mwezi wamawa ndi chiphaso cha unzika, apo ayi malo anga apatsidwa kwa wina. Kunatsala masabata atatu.

Chiphasocho ndi chimene anali atandikaniza m'mawa wa tsiku lomwelo. Mayi wa pawindo ku ofesi yolembetsa anthu anayang'ana pepala langa la kubadwa, n'kuloza ndi cholembera pamene panali dzina la Bambo ndi dziko lawo. Anati kuno mwana amatsata bambo ake, ndi momwe makolo ankachitira ndipo ndi momwe lamulo linalembedwera. Bambo anga anachokera kutsidya kwa malire, choncho inenso ndine wakutsidya. Nditayamba kulira, anatsitsa mawu n'kundinong'oneza kuti njira ilipo imodzi yokha: mwana amene bambo ake sadziwika amatenga unzika wa mayi ake. Bambo angolemba kalata yonena kuti ine si mwana wawo, Amayi alumbire, nkhani yatha.

"Nanga mkuluyu chake anachipeza bwanji?" Bambo analoza achimwene, amene anali atakhala pakona akumasula zingwe za nsapato, atangoweruka ku ntchito yawo yoyendetsa lole. "Si mwana wanga uyu? Anapita m'mawa, pofika masana chiphaso chili m'thumba. Lamulo limeneli layamba liti?"

Amayi anasiya kupinda zovala. Achimwene anayamba kumanganso zingwe zimene anali atamasula.

"Ndafunsa funso m'nyumba muno."

"Afunseni Amayi," anatero achimwene osadzutsa mutu.

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Pobadwa uyu, inu munali kwanu, kumaliro a mayi anu. Namwino anandifunsa dzina la bambo. Azimayi a m'chipindamo anali atandichenjeza kale kuti wokwatiwa ndi obwera malo amenewo amawasiya opanda kanthu. Ndinangomuuza kuti ajambulepo mzere."

"Mzere?"

"Mzere."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikulera mwana wa mzere?"

"Mzerewo ndi umene ukumuyendetsa loleyo lero," Amayi anakweza mawu. "Pa mtsikanayu munalipo. Munachita kulanda pepala m'manja mwa namwino, ati iye amalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinakukodolani, ndinakutsinani pantchafu, inu osamva, kalikiliki kukongoletsa zilembo ngati mukulemba chikwangwani cha sitolo. Anzanu onse obwera anasiya popanda kanthu. Inu nokha!"

Tonse tinayang'ana pakhoma pamene panali felemu yopanda kanthu, poti pepalalo ndinali nditalichotsa m'mawa kupita nalo ku ofesi. Linakhala m'galasi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mlendo aliyense wobwera kwathu ankaonetsedwa. Sindikhulupirira kuti pali munthu wina padziko amene ali ndi pepala la kubadwa lokongola ngati langa. Chilembo choyamba cha dzina la Bambo chili ndi mchira wopindika umene umazungulira dzina langa ngati mkono.

Mutu wanga unazungulira. Achimwene, amene bambo awo kunalibe, ndi akuno. Ine, amene bambo anga analipo, anandinyamula, anandilembera dzina ndi dzanja lawo, si wakuno. Ndinayesa kuziika m'njira zosiyanasiyana m'mutu mwanga ngati samu, koma yankho linkatuluka lomwelo, ndipo silinkamveka.

Bambo anatola kachitini kaja, anapukuta pansi ndi kansanza, kenako anati, "Kadontho, usalire. Ngati kuno akukukana, kwathu sangakukane. Lolemba tikwera basi."

Kadontho ndi ine. Ndili ndi zaka zitatu ndinatenga burashi n'kudontheza utoto wofiira pakona pa chikwangwani cha munthu wogulitsa njinga. Mwini wake anachikonda chomwecho. Kuyambira pamenepo chikwangwani chilichonse chochokera m'manja mwa Bambo chimakhala ndi kadontho kofiira pakona ya m'munsi, ndipo anthu a pamsika akafuna kudziwa ngati ntchito ndi ya Apenti, monga amawatchulira Bambo, amayang'ana pamenepo.

Maganizo a Bambo anali akuti koleji imalandirako alendo awiri kapena atatu chaka chilichonse, bola akhale ndi chiphaso cha kwawo. Ndiye Lolemba anavala jekete, anachotsa utoto m'zikhadabo ndi parafini mpaka zala zinayera, tinakwera basi yopita mumzinda kumene kuli ofesi ya kazembe wa dziko lawo. M'njira monse ankandiuza za kwawo, za mapiri, za msewu wa mitengo italiitali umene ankadutsa popita kusukulu. Ine ndinayamba kulikonda dziko limenelo pompo. Pofika pakati pa ulendo ndinali nditasamukira kale kumeneko m'maganizo, ndikugwira ntchito m'chipatala cha paphiri, nkhungu ikulowa pawindo.

Tinadikira maola atatu pabenchi. Itafika nthawi yathu, Bambo anayamba kulankhula chilankhulo chakwawo. Ndinaona kuti mawu ena akuwasowa, akumaima n'kumayang'ana kudenga. Mnyamata wa tayi kuseri kwa tebulo anawamvetsera pang'ono, kenako anawayankha m'chilankhulo chathu chakuno, ngati akuwamvera chisoni.

"Bambo, mwana wanuyu anabadwira kuti?"

"Kuno. Koma magazi ndi anga, ndi akwathu."

"Kwathu magazi sitiwerengera. Mukudziwa nokha kuti dziko lathu linamangidwa ndi anthu ochokera mbali zonse. Akuluakulu akale akanati azifunsa za magazi, bwenzi mpaka lero akumenyana. Ndiye anagwirizana kuti wobadwira m'dziko ndiye mwini dziko. Uyu anabadwira kuno, ndi wakuno."

"Akuno akuti ndi wanu!"

"Zimenezo ndi zawo."

"Inu achimwene," ndinalowerera, "akuno akuti nditsate Bambo. Ndawatsata mpaka pano. Inu mukuti ndibwerere kumene ndinabadwira. Ndiye ine ndine wakuti?"

Mnyamatayo anandiyang'ana mokoma ndithu, anatambasula manja, n'kuitana, "Wotsatira!"

Pobwerera Bambo sanatchulenso mapiri. Anavula jekete n'kuliika pamwendo, ankangolisisita ngati mphaka. Titatsala pang'ono kufika anati, "Mnyamata uja sanamve bwino. Ndikanapeza wachikulire."

Kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Njira yachitatu inatuluka m'kamwa mwa achimwene ngati nthabwala. Tikudya, anati, "Ukwatiwe basi, mlongo wanga. Mkazi amatenga unzika wa mwamuna wake. Wamafoni uja si wakuno weniweni? Agogo ake a agogo ake anamera ngati bowa pompano."

Amayi anawagenda ndi supuni. Koma ine sindinaseke. M'mawa mwake ndinavala diresi langa lobiriwira n'kupita kumsika.

Wamafoni anali chibwenzi changa cha miyezi isanu ndi iwiri. Ali ndi kashopu kakang'ono kokonzera mafoni pafupi ndi pokwerera mabasi, kodzaza ndi mabatire otupa ndi magalasi osweka. Anandiuzapo tsiku lina kuti atha kuwoloka moto chifukwa cha ine, ndipo mawuwo ndinawalemba kuseri kwa kope langa la sayansi. Ndinamupeza atawerama, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso, akusokosa foni ndi kasukuludilaiva kakang'ono ngati singano.

"Tikwatirane," ndinatero.

Sanadzutse mutu. "Ee, tidzakwatirana, nanga sindinanene?"

"Sabata ino."

Kasukuludilaiva kaja kanagwa pansi. Anakafunafuna nthawi yaitali kuposa mmene kanafunikira.

"Kadontho, wadwala?"

Ndinamufotokozera zonse, za windo, za mnyamata wa tayi, za kalata imene Bambo akukana kulemba. Ndinamuuza kuti sitikufuna phwando, sitikufuna diresi loyera, tingopita ku ofesi ndi mboni ziwiri. Ine ndipita ku koleji, iye akhala pashopu, zaka zitatu si zambiri, tizidzalemberana mauthenga tsiku lililonse.

"Dikira kaye," anatero akukanda m'mutu. "Ndiye kuti iweyo si wakuno?"

"Ndinabadwira kuseri kwa msika uno! Tinaphunzira sukulu imodzi!"

"Ayi, ndikudziwa, koma ndikutanthauza papepala."

"Papepala sindine wakulikonse."

Nkhope yake inawala ngati wapeza pamene foni yafera. "Koma usadandaule, ana athu adzakhala bwinobwino. Aja amatsata ine."

"Ine sindikukamba za ana, ndikukamba za ine!"

"Ndamva, ndamva, usakuwe, makasitomala akuyang'ana. Kungoti, ukudziwa mayi anga. Akungomva kuti ndakwatira mothamanga, komanso mwana wa obwera, adzati wandikola kuti upeze pepala."

"Si ndiye zoona zake? Ndikufuna pepala. Ndikufunanso iwe. Nanga cholakwika n'chiyani?"

"Tiyeni tidikire chaka chamawa."

Anandiuza "tiyeni", ngati akulankhula ndi azakhali ake. Ndinamufunsa za moto uja ankati awoloka. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti moto ndi nkhani ina, iyi ndi nkhani ya boma.

Ndinatuluka ndili ndi manyazi mpaka kumapazi. Koma chimene chinkandisokoneza kwambiri si iye. Ndinkadzifunsa kuti akanavomera, ndikanakhala wakuno chifukwa cha chiyani? Chifukwa cha mnyamata amene amalephera kupeza kasukuludilaiva pansi pa tebulo lake lomwe? Amayi anga amene anandibereka ndi akuno, koma iwo sakwanira. Mwamuna aliyense wongodutsa mumsewu akwanira.

Mapazi anandifikitsa okha ku shedi ya Bambo, kumapeto kwa msika. Fungo la utoto ndi parafini linandilandira. Matabwa anali atatsamira khoma, ena oyera osalembedwa, ena olembedwa theka. Bambo anali atakhala pakampando kawo kafupi, akulemba chikwangwani cha wometa tsitsi. Anali atajambula mizere iwiri ya choko kuti zilembo zilingane, dzanja lamanzere litagwira ndodo yotsamiritsapo lamanja kuti lisanjenjemere.

"Kadontho, wabwera bwino. Tandigwirire apa."

Sindinagwire. "Bambo, kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi."

"Ndikuwerenga nanenso."

"Ndiye mulemba liti?"

Anamaliza kaye chilembo chimene anali atayamba. Bambo sasiya chilembo pakati ngakhale nyumba itayaka.

"Ndalankhula ndi munthu wina," anatero. "Akuti pali bungwe mumzinda limene likumenyera kuti lamuloli lisinthe, kuti mayi nayenso azitha kupatsa mwana unzika. Akuti nkhaniyo ili m'khoti."

"Itha liti?"

"Akuti mwina zaka ziwiri, mwina zitatu."

"Zitatu! Anzanga adzakhala atamaliza, ine ndikusakaniza utoto."

"Kusakaniza utoto si ntchito?"

"Ndi ntchito yanu, si yanga!"

Anaika burashi m'chitini. "Mwana wanga, ukudziwa chimene ukundipempha? Sakufuna kuti ndingokhala chete ayi. Akufuna ndilembe ndi dzanja langa kuti ndinanama. Kuti mayi ako anakutenga kwa munthu wina amene iwo eni sakumudziwa. Mayi akowo aime pamaso pa anthu, akweze dzanja, anene kuti anali mkazi woyendayenda. Ukuganiza kuti mawa pamsika pano anthu adzakamba chiyani?"

"Amayi avomera."

"Mayi ako angavomere ngakhale kudulidwa mwendo chifukwa cha iwe. Sizitanthauza kuti ine ndinole mpeni."

"Koma aliyense akudziwa kuti ndine mwana wanu! Taonani mphuno iyi! Ndi pepala chabe, Bambo."

"Ngati ndi pepala chabe, ukulirira chiyani?"

Funsolo linandikwiyitsa koposa.

"Ine m'dziko muno ndilibe munda," anapitiriza motsitsa. "Ndilibe manda a makolo. Chaka chilichonse ndimakaima pamzere kuti andidindire chilolezo chokhala ndi mkazi wanga yemwe. Mkulu wako ndamva tsiku lija kuti ndi mwana wa mzere. Pepala lokhalo limene likunena kuti ndinakhalako kuno, ndinasiyako kanthu, ndi lako lija. Ndiye ukuti ndilifufute."

Ndikanakhala ndi nzeru ndikanakhala pansi n'kuwagwirira thabwa lija. Koma ndinali ndi diresi lobiriwira limene silinagwire ntchito, ndi masiku khumi ndi asanu ndi limodzi pakhosi.

"Chikhala kuti munapitanso kumaliro tsiku limene ndinabadwa," ndinatero, "bwenzi pano ndili munthu."

Bambo sanandikalipire. Anandiyang'ana ngati akuwerenga chikwangwani cholembedwa m'chilankhulo chimene sachidziwa. Kenako anatola burashi, anaipukuta m'mphepete mwa chitini, n'kuyamba chilembo chotsatira.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu munali zii. Bambo ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka, kudya, kulowa kuchipinda. Amayi ankandiyang'ana ngati akufuna kufunsa chimene ndinanena, koma sanafunse. Achimwene anapita ndi lole kutali. Ine ndinkangozungulira. Tsiku lina ndinkaganiza zong'amba kalata ya ku koleji n'kukagwada kwa Bambo. Tsiku linalo ndinkaganiza zolemba ndekha kalata yondikanayo n'kunamizira dzanja lawo, mpaka ndinayesa pakope, koma zilembo zanga zinkaoneka ngati ana a zilembo zawo. Wamafoni anatumiza uthenga woti "ukadali wokwiya?" ndi kachithunzi ka mtima. Sindinayankhe, ngakhale ndinauwerenga kasanu.

Kutatsala masiku atatu, ndinadzuka n'kupeza Bambo atakhala patebulo, jekete lija atavala, ngakhale sankapita kulikonse. Patsogolo pawo panali pepala loyera lolimba, la mtundu umene amasungira makasitomala olemekezeka. Pansi pa tebulo panali mapepala anayi okwinyakwinya.

"Ndimafuna ndilembe monyasa," anatero osandiyang'ana. "Ndayesa kanayi. Dzanja lakana."

Ndinatenga pepalalo. Mizere ya pensulo inali itafufutidwa bwinobwino. Zilembo zinaima mowongoka ngati asilikali. Linkanena kuti iwo, wolemba zikwangwani wa pamsika, analemba dzina lawo pa pepala la kubadwa la mtsikana uyu molakwitsa, chifukwa cha chisoni chabe, ndipo mtsikanayo si mwana wawo.

"Bambo, ndi zimene ndinanena zija..."

"Pita, ofesi amatsegula eyiti koloko. Usalipinde."

Amayi anavala mpango wawo wa kutchalitchi. M'njira anandiuza kuti ndiwongole kolala.

Pa ofesi panali mzere wautali. Kutsogolo kwathu kunali mayi wogulitsa tomato amene timagula kwa iye, kumbuyo kunali telala amene shopu yake inayandikana ndi shedi ya Bambo. "Ee, mwana wa Apenti!" anatero telala. "Tamva kuti wasankhidwa ku unamwino. Udzatibaye jakisoni mwaulemu ife amalume ako." Ndinamwetulira.

Pakhoma pamwamba pa windo panali thabwa lolembedwa kuti CHONDE DIKIRANI PAMZERE MWAKACHETECHETE. Pakona yake ya m'munsi panali kadontho kofiira.

Mayi wa pawindo anandizindikira. Anatenga kalatayo, anavala magalasi, anaiwerenga mpaka kumapeto. Kenako anaika pambali pake pepala langa la kubadwa. Anayang'ana ili, anayang'ana ilo. Anatembenuza khosi n'kuyang'ana thabwa la pakhoma. Ndinaganiza kuti basi, watigwira, aitana apolisi.

"Mayi, kwezani dzanja lamanja," anatero.

Amayi anakweza. Dzanja lawo linali ndi chipsera cha simbi pachala chachikulu, ndinkangoyang'ana pamenepo.

"Mukulumbira kuti bambo wa mtsikana uyu simukumudziwa?"

"Ndikulumbira."

"Mokweza, mayi, mboni zimve. Lamulo limafuna anthu awiri amve."

"Ndikulumbira!"

Mayi wa tomato anatembenuka, pakamwa pali yasa. Telala anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake.

"Iwe mtsikana." Magalasi anatembenukira kwa ine. "Bambo ako ukuwadziwa?"

Ndinali nditakonzekera yankho kuyambira kunyumba. Ndi mawu amodzi okha. Koma pamene mayiyo ankawongola kalata ija kuti aibowole aiike m'faelo, ndinaona chinthu chimene sindinachione m'mawa, poti chala changa chinali chitaphimba pamenepo. Pakona ya m'munsi, kumanja, panali kadontho kofiira, kakang'ono ngati njere ya mpiru.

Sindikudziwa ngati anakaika dala kapena dzanja linangochita zimene linazolowera. Ndinaganiza zolanda pepalalo n'kuthawa. Ndinaganiza za kawotchi kolendewera pachifuwa. Ndinaganiza za Amayi amene anali atalumbira kale, mawu awo atatuluka, osabwezeka. Ndikakana tsopano, ndiye kuti adzichotsera ulemu pachabe.

"Mtsikana, anthu akudikira."

"Sindiwadziwa."

Chidindo chinagunda kawiri. Anandijambula chithunzi, anandidetsa chala ndi inki, anandiuza kuti ndidikire pabenchi. Masana asanakwane anandiitana n'kundipatsa chiphaso chongoyembekezera, chokhala ndi dzina langa loyamba ndi dzina la kwawo kwa Amayi. Ndinaliwerenga kawiri. Linkamveka ngati la mtsikana wina amene mwina tinaphunzira naye limodzi.

"Tamvera," anatero mayi wa pawindo, akutsitsa mawu ngati tsiku loyamba lija. "Kulumbira monama ndi mlandu. Ukhale wochenjera ndi pakamwa pako, makamaka pagulu." Ndinagwedeza mutu. Nditatembenuka kuti ndizipita, anaitananso, tsopano ndi mawu ake a masiku onse, mzere wonse ukumva. "Ukawauzenso bambo ako kuti chikwangwani chathu chapanjacho chafufuka. Abwere sabata yamawa adzachikonze."

Panja Amayi anavula mpango n'kudzipukuta nawo kumaso. Anati iwo apita kunyumba kudzera njira yakuseri, safuna kudutsa mumsika lero. Ine ndinadutsa mumsika.

Bambo ndinawapeza kunja kwa shedi. Pa mabenchi awiri anali ataikapo bokosi lachitsulo latsopano, lopakidwa utoto wabuluu wonyezimira, la mtundu umene ophunzira amapita nalo ku koleji. Pachivundikiro anali atajambula kale mizere iwiri ya choko. Dzina langa loyamba linali litalembedwa ndi utoto woyera, likadali lonyowa. Kutsogolo kwake kunali malo opanda kanthu.

"Zatheka?" anafunsa.

"Zatheka."

"Tabweretsa ndione."

Anapukuta manja pa ovolosi, anagwira chiphasocho m'mphepete ngati chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Makina awa," anatero. "Zilembo zothinana ngati anthu m'basi."

Anachitsamiritsa pachitini kuti azichiona bwino, anaviika burashi, anatenga ndodo yawo yotsamiritsa dzanja, n'kuyamba kukopera dzina la kwawo kwa Amayi, chilembo chimodzichimodzi. Ndinaima pambali pawo ndikuonerera dzina la mtsikana wina uja likukongola pabokosi langa. Ndinkafuna kunena za kumaliro zija, kuti sindinkatanthauza. Ndinkafuna kufunsa za kadontho ka pakalata. Ndinkafuna kuwauza uthenga wa mayi wa pawindo, koma sindinadziwe kuti ndiyambe ndi uti mwa mauthenga ake awiri aja.

"Bambo," ndinatero.

Anamaliza kaye chilembo. Kenako anadzutsa mutu, anayang'ana kumanja kumene kuli telala, anayang'ana kumanzere kumsewu.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero. "Anthu angamve."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka.